Makita, Bosch, DeWalt kapena Ingco: gilayinda yolimba ndi iti?

"Amisiri, ndine mnyamata wowotcherera zitsulo pa Lizulu, m'boma la Ntcheu. Ndimapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, komanso ndimakonza ngolo. Chaka chino chokha magilayinda awiri andipsera m'manja. Onse ndinagula motchipa, mayina ake osadziwika bwino, ndipo yachiwiriyo sinathe ndi miyezi itatu yomwe. Panopa ndagulitsa mbatatesi, ndili ndi kangachepe koti ndigulire gilayinda ndi dirilo. M'mashopu ndikuona Ingco ndi Total pa mtengo wofikirika, pomwe Makita ndi Bosch akuitanira kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Alamu anga ali ku Johannesburg akuti ndingowatumizira ndalama andigulire DeWalt ya batire, poti kuno magetsi amazimazima. Kodi mwa onsewa wolimba ndi uti? Kapena timangolipira dzina?"

Achimwene, pepani ndi magilayinda awiriwo. Koma musayambe kudzikayikira kuti mwina dzanja lanu ndi loipa. Ine ndimakhalira kutsegula makina oterewa ndi kukulunga mamota kuno ku Dedza, ndipo makina akufa ambiri amene amafika pa benchi panga amachokera kwa owotcherera. Palibe ntchito imene imazunza gilayinda ngati yanuyi. Kalipentala akhoza kusunga gilayinda ya wamba zaka ndi zaka chifukwa amaitulutsa mwa apo ndi apo. Inu mumaiyatsa m'mamawa n'kuipumitsa dzuwa litapendeka.

Pa funso loti kodi timangolipira dzina, ndikuti ayi, koma dzina palokha silingakupulumutseni. Kampani imodzi yomweyo imapanga makina a mmisiri wogwira tsiku lonse ndi makina a bambo wokhoma shelefu kunyumba Loweruka, onse n'kulembedwa dzina limodzi. Kuwonjezera apo pali akathyali amene amamata dzina lomwelo pa zinthu zawozawo. N'chifukwa chake amisiri awiri amatha kukangana mpaka thovu kukamwa, wina akuti mtundu wakuti ndi wolimba, wina akuti ndi wachabechabe, ndipo onse akunena zoona, popeza sanagwire makina ofanana.

Tiyambe ndi chimene chimapha gilayinda, chifukwa mukachidziwa, mitengo ya m'shopu ija iyamba kumveka. M'kati mwake muli amecha, chitsulo chokulungidwa mawaya chimene chimazungulira, ndi makoyilo oima m'mbali. Magetsi amalowa mu amecha kudzera m'mabulashi a kaboni amene amakhuza pa timano ta kopa kumapeto kwake. Pa amecha pomwepo pali fani yokoka mphepo. Gilayinda yaing'ono ya disiki ya 115 mm imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo amecha imathamanga kuposa pamenepo, chifukwa magiya a kumutu ndi amene amatsitsa liwiro. Tsono mukakanikiza kwambiri pa chitsulo, liwiro limagwa, fani imafooka, koma magetsi amene mota ikukoka amakwera. Kutentha kukuchuluka pa nthawi yomweyo imene mphepo ikuchepa. Vanishi wa pa mawaya amapsa, mawaya n'kukhudzana, basi utsi uja munauona kawiri.

Mdani wachiwiri ndi fumbi lanu lomwe. Fani ija sikoka mphepo yokha, imakokanso tizitsulo ndi mchenga wa disiki. Fumbi limeneli limapala vanishi pang'onopang'ono, limalowa m'mabering'i, ndipo popeza ndi lachitsulo, limapititsa magetsi pamene sayenera kudutsa. Fumbi la matabwa limangotseka mipata ya mphepo, koma la owotcherera limadya makina kuchokera m'kati.

Ndalama zambiri za makina odula zimapita pa kulimbana ndi adani awiriwa, ndipo zambiri mwa izo simungazione ndi maso muli pa kauntala. Ndikatsegula gilayinda yeniyeni ya Makita, Bosch wabuluu kapena DeWalt, ndimapeza waya wa kopa weniweni, mawaya a amecha atakutidwa ndi vanishi wochindikala kapena utomoni wolimba kumene fumbi limamenya, mabering'i otsekedwa bwino, ndi magiya osemedwa mokhotakhota amene amalumana mwakachetechete. Yambiri ili ndi mabulashi amene akatha amadula okha magetsi asanakande kopa wa amecha. Ndikatsegula zotchipitsitsa zopanda dzina zija, kawirikawiri ndimapeza waya wa aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Aluminiyamu amapititsa magetsi pafupifupi magawo 60 pa 100 a mmene kopa amapititsira, ndiye amatentha msanga, ndipo polumikizira pake pamathothoka. Girizi wa kumutu amakhala wongonunkhiza. Bering'i imalira kuyambira tsiku loyamba. Makina otere kuwakulunganso n'kutaya ndalama, chifukwa pulasitiki yogwira bering'i imakhala itasungunuka kale ndipo amecha siyikhalanso pakati.

Tsopano mayinawo. Makita anayamba mu 1915 mu mzinda wa Nagoya ku Japan ngati kashopu kogulitsa ndi kukonza mamota, ndipo mu 1958 anatulutsa pulena ya magetsi ya m'manja imene inamutchukitsa. Mwa onse, ndi amene ine ndimakonda kukonza. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala, zojambula za m'kati mwake zimapezeka, ndipo mitundu ina wakhala akuipanga zaka zambiri osaisintha, kotero masipeya ake anafala. Gilayinda ya 9557HN, ya 115 mm ndi 840W, imalowa mabulashi a CB-325. Yaikulu ya GA9020, ya 230 mm ndi 2200W, imalowa CB-204. Mukatchula manambala amenewa m'mashopu a hadiweya ku Lilongwe kapena ku Limbe, wogulitsa sakuyang'anani modabwa. Dziwaninso kuti Makita ali ndi gulu lotsikirapo lolembedwa MT, limene kale linkadziwika kuti Maktec. Si lachinyengo, ndi lake ndithu, koma analipangira ntchito yopepukirapo, ndipo mtengo wake uyenera kutsika poyerekeza ndi gulu lalikulu. Wina akakugulitsani MT pa mtengo wa gulu lalikulu, wakudyerani.

Bosch ndi wa ku Germany, anayamba mu 1886 ku Stuttgart, ndipo iye anatithandiza posiyanitsa magulu ake ndi mtundu. Wabuluu, wolembedwa Professional, ndi wa amisiri, ndipo manambala ake amayamba ndi G: GWS ndi gilayinda, GSB ndi dirilo yomenya, GBH ndi nyundo yobowolera konkire. Wobiriwira ndi wapakhomo. Akale obiriwirawo amayamba ndi P, monga PWS ndi PSB, atsopano amalembedwa Easy, Universal kapena Advanced. Wobiriwira alibe mlandu, koma si wa pa shedi yowotcherera. Pa magilayinda, wabuluu ndi Makita ndimawaika pa mzere umodzi, ndipo sindingakangane ndi munthu wosankha uyu kapena uyo. Pamene Bosch ndimamuvulira chipewa ndi pa kubowola konkire. Kagwiridwe ka mano obowolera a SDS-plus, kamene makampani onse akutsatira lero, anabwera nako ndi iye mu 1975.

DeWalt wachikasu uja anayamba mu 1924 ku America ndi makina ocheka matabwa. Black & Decker anamugula mu 1960, ndipo mu 2010 Black & Decker anaphatikana ndi Stanley. Choncho DeWalt, Stanley ndi Black & Decker ndi ana a nyumba imodzi, DeWalt wa ntchito yolemetsa, Stanley wapakati, Black & Decker wapakhomo. DeWalt weniweni ndi wolimba, makamaka pa makina a batire. Nkhawa yanga pa iye si kulimba, ndi mtunda. Swichi kapena amecha yake nthawi zambiri imafuna kuitanitsa, ndipo masabata amene makina ali gone pa shelefu yanga kudikira basi ya ku Johannesburg, geti la kasitomala wanu silikudikira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Sipeya imene mungaipeze lero ku Ntcheu boma, ku Dedza kapena ku Lilongwe n'kubwerera tsiku lomwelo ndi gawo la kulimba kwa makinawo.

Zomwezo ndinganene za Metabo, Milwaukee, Hilti ndi Hitachi (Hitachiyu kuyambira 2018 akulembedwa HiKOKI). Onsewa ndi makina abwino, ena mwa iwo abwino zedi, koma kuno ndi alendo. Ryobi amalowa wambiri kuchokera ku South Africa, ndipo wambiri amene ndimamuona ndi wa ntchito yapakhomo ndi yapakatikati.

Ingco ndi Total ndiwayankhulire mwachilungamo, chifukwa amisiri ena amawanyoza pongomva kuti ndi a ku China. Kunyoza kumeneko n'kwachikale. Makita ndi Bosch omwe ali ndi mafakitale ku China, ndipo mukatembenuza makina awo enieni mupeza ambiri alembedwa choncho. Nkhani si dziko, nkhani ndi yakuti ndani anayang'anira ntchitoyo ndipo anawapangira munthu wotani. Ingco ndi Total ndi makampani enieni, ali ndi manambala, ali ndi masipeya, ndipo magilayinda awo ambiri amabwera ndi mabulashi apadera m'katoni momwemo. Ali kutali kwambiri ndi zopanda dzina zimene zinakupserani. Nawonso ali ndi magulu: olembedwa Industrial ndi olimbirapo kuposa olembedwa Super Select. Pa ndalama imene mumapereka, amabweza ndithu. Koma ndikayang'ana kachindikalidwe ka vanishi, mabering'i ndi magiya, gulu lalikulu la Makita ndi Bosch wabuluu lili patsogolo, ndipo kusiyanako kumaonekera pa makina amene amagwira maola ambiri tsiku ndi tsiku. Pa makina ogwira mphindi khumi n'kupuma, kusiyanako mwina simudzakuona n'komwe.

Apa ndiye pagona malangizo anga. Musagule zida zonse mtundu umodzi ngati yunifolomu. Ndalama zambiri ziikeni pa chida chimene chimakudyetsani, chomwe kwa inu ndi gilayinda. Dirilo ya wowotcherera imabowola timabowo ta maloko ndi mahinjesi, kenako n'kugona. Imeneyo gulani Ingco kapena Total ya Industrial, kapena Makita MT, ya chaki (pomanga mano obowolera) ya 13 mm, yokhala ndi liwiro losintha, ndipo ikutumikirani. Chofunika kwambiri pa dirilo ndi mano abwino ndi kubowola chitsulo pa liwiro lotsika, mukudonthezera kamafuta. Mukamakhoma zitsulo za m'mawindo m'makoma a njerwa zootcha, dirilo yomenya ikwanira. Mukayamba kupeza ntchito zambiri za m'konkire, pamenepo mudzaganize za nyundo ya SDS-plus, osati kuumiriza dirilo wamba.

Pali china chimene simunanene m'kalata yanu koma ndikuchikayikira. Magilayinda anapsawo anali aang'ono, si choncho? Ndipo mumadulira zonse, kuyambira machubu a mawindo mpaka zitsulo zochindikala za ngolo. Kudulitsa gilayinda ya 115 mm chitsulo cha ngolo tsiku lonse kuli ngati kukweza matumba anayi a mbatatesi pa njinga ya mwana wasukulu: ifika pa msika kamodzi kawiri, kenako masipoko ayamba kuthothoka. Ngakhale Makita weniweni mukamutero adzafika kwa ine. Shedi ngati yanu imafuna magilayinda awiri, yaikulu ya 230 mm yodulira zochindikala ndi yaing'ono yodulira machubu opyapyala ndi kusalaza mowotcherera. Ngati ndalama sizikwana onse awiri a gulu lapamwamba, onani imene imagwira maola ambiri pa ntchito yanu. Ngati mageti ndi mawindo ndi amene amachuluka, yaing'onoyo ikhale Makita kapena Bosch wabuluu, yaikulu ikhale Ingco. Ngati ngolo ndi zimene zimachuluka, tembenuzani. Kukhala ndi awiri kumapatsanso mpata wina kuzizira pamene mnzake akugwira.

Ndipatuke pang'ono pa madisiki, chifukwa chizolowezi china chimandiwawa mtima. Disiki ya 230 mm ikatha n'kuchepa, anyamata amachotsa chotchinga pa gilayinda yaing'ono n'kuimanga pamenepo kuti isatayike. Disiki imeneyo inapangidwira liwiro losapitirira maulendo pafupifupi 6,600 pa mphindi, ndipo inu mukuizunguza pa 11,000. Ikasweka, zidutswa zake sizisankha pomenya. Liwiro lovomerezeka limalembedwa pa disiki pomwepo, ndipo pa kachitsulo ka pakati pamadindidwa tsiku lothera ntchito, nthawi zambiri zaka zitatu kuchokera pamene inapangidwa, chifukwa utomoni womata mchengawo umafooka, makamaka m'chinyontho. Disiki yopyapyala yodulira si yosalazira cham'mbali. Ndipo sowo ya mano yochekera matabwa isayandikire pa gilayinda, ngakhale wina akuuzeni kuti iye amatero masiku onse. Disiki yabwino imatetezanso mota, popeza imadya yokha chitsulo osafuna kukanikiza.

Tibwere kwa alamu anu. Maganizo awo si oipa, koma tiwerengere limodzi. Batire ya 18V ya 5.0Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 90 kwa ola limodzi. Gilayinda imene ikukoka mawati 800 podula imamaliza batire imeneyo mphindi zosakwana khumi. Kuti mugwire tsiku lathunthu mufunika mabatire angapo ndi chaja yothamanga, ndipo chajayo ikufunanso magetsi omwe akuzimazimawo. Komanso magetsi akazima, makina anu owotcherera aima, ndiye gilayinda yokhayo ikudulirani zoti muwotcherere ndi chiyani? Mabatire amakalamba ngakhale osagwira ntchito, amadana ndi kutentha, ndipo mtengo wa awiri ukhoza kupitirira wa makinawo. Batire ya DeWalt silowa pa Makita, ya Makita silowa pa Bosch, ndiye mukalowa nyumba imodzi mwakwatira komweko. Makina ambiri atsopano a batire alibe mabulashi, amayendetsedwa ndi kabodi ka zamagetsi komatidwa mu utomoni. Amalimba ndipo satentha msanga, koma kabodiko kakapsa palibe chokulunga, n'kugula kena basi.

Pamene batire imapambana ndi pa dirilo. Kukamangirira geti kumudzi kopanda magetsi, kukwera padenga, kumanga masikuluwu, pamenepo dirilo ya batire ndi mfumu, ndipo batire imodzi imakufikitsani kutali. Ngati alamu akufunadi kukuthandizani, akugulireni imeneyo, mu shopu yodziwika, ndi lisiti, mabatire awiri ndi chaja yake. Asanalipire akutumizireni chithunzi cha kachikwangwani ka pa makinawo. Muwerengeretu msonkho wa pachipata, ndiponso dziwani kuti galanti ya ku South Africa imafuna makinawo abwerere komweko. Musasokonezeke ndi 18V ndi 20V Max. Ndi batire imodzi yomweyo ya maselo olumikizidwa asanuasanu, selo lililonse 3.6V pogwira ntchito ndi 4V likangochoka pa chaja.

Masamu omwewo akuthandizani kugwira akathyali. Mukaona batire ya msinkhu womwewo italembedwa 48V, 88V kapena kuposa apo, dziwani kuti ndi bodza, chifukwa maselo asanu sangatulutse zimenezo. Pa makina a chingwe bodza limakhala pa mawati. Kagilayinda kopepuka kolembedwa mawati ofanana ndi a gilayinda yaikulu n'kokayikitsa. Kopa ndi wolemera, ndiye makina enieni amamveka m'dzanja. Yang'anani kachikwangwani: payenera kukhala nambala ya mtundu, nambala yakeyake ya makinawo ndi dziko limene anapangidwira, zolembedwa mooneka bwino. Lembani nambala ya mtunduyo pa foni muone ngati kampaniyo ilidi ndi makina otero, ndiponso ngati chithunzi chikufanana. Chingwe cha makina enieni chimakhala chofewa, cha labala, ndi zolemba zake. Makita, Bosch ndi DeWalt ndi amene amaberedwa mayina kwambiri, ndipo malo ngati anuwo, pamene msewu wa M1 ndiwo malire ndi Mozambique ndipo katundu amalowa mbali zonse, wogulitsa ena sadziwa n'komwe kuti zimene agwirazo n'zachinyengo. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera kwambiri, ndiye Makita watsopano wa mtengo wa Ingco asakusangalatseni. Pakati pa Makita wabodza ndi Ingco weniweni, tengani Ingco osacheuka.

Zogwiritsidwa kale ntchito zili ndi mwayi wake. Makita kapena Bosch wabuluu wakale wosamalidwa bwino amatha kuposa watsopano wotchipa. Koma werengani kachikwangwani kawiri. Magetsi athu ndi 230V. Makina ochokera ku America ndi a 120V, ndipo ambiri a pa ntchito zomanga ku Britain ndi a 110V, a pulagi yachikasu yozungulira. Amenewo mukawalumikiza kuno amakuwa kamodzi n'kufa. Nunkhizani m'mipata ya mphepo, fungo la vanishi wopsa silibisika. Gwedezani pomanga disiki, pasakhale kugwejemula. Ndipo makina ofufutidwa nambala asiyeni, mungadzayankhe mlandu wa mwini wake.

Kaya atsopano kaya akale, musalipire musanawayatse. Aleke azungulire kanthawi. Mvetserani ngati kulira kwake kuli kosalala, suzumirani kumbuyo muone mabulashi: timoto ting'onoting'ono tabuluu n'tabwinobwino, koma moto wozungulira amecha yonse ndi matenda. Kenako funsani wogulitsa funso limene limandithandiza ine kudziwa shopu yeniyeni: mabulashi ndi amecha ya makina amenewa muli nazo, ndipo ndi zingati? Akayamba kukanda m'mutu, ganizani kawiri. Akakuonetsani, gulani mabulashi apadera tsiku lomwelo. Pa lisiti alembe nambala ya makinawo ndi miyezi ya galanti, osati kungonena pakamwa. Wogulitsa akakukanirani zimene analemba yekha, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, koma popanda lisiti mulibe poyambira.

Magetsi a pa shedi panu nawonso muwaunike, chifukwa akhoza kupha makina a dzina lililonse. Gilayinda ya 2200W imakoka pafupifupi maampu 10, ndipo poyaka imakoka kuposa apo. Mukaipatsa chingwe chachitali chopyapyala, cholumikizalumikiza ndi mapepala a pulasitiki, mphamvu imathera m'njira, makina amafooka, inu n'kumakanikiza kwambiri kuti adule, ndipo tabwerera ku utsi uja. Chingwe chachitali chikhale cha kopa cha 2.5 mm, ndipo ngati n'chokulunga pa gudumu, chitambasuleni chonse. Mukaona mababu akuchita mdima madzulo kapena mnzanu akamenya moto pa laini yomweyo, ipumitseni gilayinda yaikulu. Pa jenereta, musadule pamene wina akuwotcherera, popeza moto ukaduka mphamvu imalumpha, ndipo machaja ndi amene amayamba kufa. Makina a ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, a ku Mozambique nthawi zambiri ya mano awiri. Dulani muike yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 13A. Zolowetsa mawaya osenda m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi zimapsereza soketi, swichi, nthawi zina shedi yomwe.

Kusamala kwake si kwapatali. Mukamaliza kudula chochindikala, musazimitse pompo, ilekeni izungulire yopanda katundu kwa mphindi imodzi kuti fani itulutse kutentha. Pakutha pa sabata ipemerereni mphepo m'mipata, ngakhale ndi pampu ya njinga. Musaigoneke pansi pa fumbi la zitsulo ikadali kuzungulira. Onani mabulashi mwezi ndi mwezi, ndipo posintha sinthani onse awiri, a nambala yake, osati osema kuchokera ku mabatire a tochi. Girizi wa kumutu asinthidwe akada, koma osadzaza mutu wonse. Kwathu kuno kumapiri, nkhungu ya Juni ndi Julaye imanyowetsa chilichonse, ndiye makina ndi madisiki asagone pa simenti, akhale m'bokosi la matabwa pamwamba.

Pali zizindikiro zimene mukaziona muzimitse n'kupita nayo kwa wokonza tsiku lomwelo: fungo la kupsa, moto wozungulira amecha, liwiro lokwera ndi kutsika lokha, mutu wotentha moti simungaugwire, kapena kulira kwa mchenga m'mabering'i. Bering'i ndi yotchipa. Mukailekerera, amecha imayamba kukhuza m'mbali, ndipo mudzagula amecha ndi makoyilo pamodzi. Wokonza akakuuzani mtengo wopitirira theka la makina atsopano pa gilayinda yotchipa, isiyeni ikhale ya masipeya. Pa Makita kapena Bosch weniweni, amecha yatsopano imaukitsa makina n'kugwiranso zaka, koma funsani ngati akuikirani yeniyeni kapena yofanizira, chifukwa mitengo yake ndi moyo wake n'zosiyana. Makina akakugwirani shoko ngakhale pang'ono, musawakulunge chinsanza n'kupitiriza. Ngati vuto lili m'mawaya a shedi, itanani wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ayeze mphamvu ndi waya wa pansi. Batire yotupa, yotentha yokha kapena yonunkha ichotseni m'nyumba, muiike panja pa mchenga kutali ndi udzu, ndipo musaichajenso.

Za thupi lanu, magalasi oyera otchinga m'mbali muzivala nthawi zonse podula, osati akuda owotcherera aja okha. Kachitsulo kakalowa m'diso musakatokose ndi kamtengo, singano kapena maginito, ndipo musatikite. Tsukani ndi madzi oyera, ndipo kakapanda kutuluka phimbani disolo mopepuka mupite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya cha pafupi nanu, kaya cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza. Chitsulo chimayamba dzimbiri m'diso m'maola ochepa, ndipo kukagona nacho kumasiya chipsera. Bala lakuya la disiki likufunanso achipatala, ndipo muwauze kuti ndi la chitsulo kuti aone za katemera wa kafumbata. Zala zikayamba kuchita dzanzi kapena kuyera m'mawa kozizira, kapena makutu akamalira usiku mutaweruka, kauzeni dokotala msanga, ndipo muyambe kupumira pakati pa ntchito ndi kutseka makutu.